Chaputala Changa Chachinayi

Lolemba, 3 Marichi

Chaputala chachinayi chatha! Zaka zitatu ndikulimbana ndi funso limodzi: tinthu ting'onoting'ono ta mufizikisi ukatitembenuza, n'chiyani chimatsala chosasintha? Aljebura wake tsopano wagonja, masamba makumi anayi. Amuna anga ati, "Ndiye zaka zonsezi umafuna kutsimikiza kuti mpira ukauzunguza ndi mpirabe?" Ndaseka mpaka kutsamwa. Sananame kwenikweni.

A Pulofesa, amene amandiyang'anira, ndinawapatsa umboni waukulu wa masamuwa mu Novembala. Mpaka lero zii.

Lachitatu, 5 Marichi

M'mawa ndimaona mapepala atsopano a kafukufuku pa intaneti monga mwa masiku onse. Mutu wina ngati ndikuudziwa. Olemba awiri: a Pulofesa ndi Jekete, mnzanga wa muofesi muno.

Ndawerenga mpaka kumapeto. Ndi chaputala changa. Ngakhale kachizolowezi kanga kotchula gulu lachiwiri kuti K m'malo mwa H sanasinthe. Dzina langa lili pansi penipeni: "Tikuthokoza chifukwa cha zokambirana zothandiza."

Zokambirana!

Jekete mwiniwake sanabwere lero. Jekete lake lokha lili lendee pamsomali.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndapita kwa a Pulofesa. Andipatsa mpando, andifunsa za mwana, ngati palibe kanthu. Nditayamba kulankhula avula magalasi n'kumapukuta.

"Mayi, masamu alibe mwini. Funsolo ndinakupatsani ndine."

Ndati funso inde, nanga yankho? Ati Jekete akufunsira ntchito chaka chino, akufunika pepala. Ine ndine wamphamvu, ndilemba ena ambiri. "Musawononge tsogolo lanu chifukwa cha mtima wapachala."

Ndipo ine, chitsiru, ndathokoza potuluka. Zikomo wachiyani?

Lachisanu, 7 Marichi

Sindinapite kuofesi. Ndachapa makatani onse a m'nyumba.

Loweruka, 8 Marichi

Jekete waimba. Mawu ngati nkhuku yonyowa. "Mlongo, a Pulofesa anandiuza kuti munavomera."

Ndamufunsa: desiki yako ndi yanga zimagundana, unalephera kutembenuka n'kundifunsa? Ati, "Mukudziwa mmene alili munthu uja."

Ameneyu ndinakhala naye pabolodi miyezi iwiri atalephera mayeso a chaka choyamba. Ankadya chakudya cha m'kontena mwanga. Tsiku limene umboni unatheka ndiye woyamba kumuonetsa, anandiombera m'manja. Kani amawerenga ndi maso ena.

Za a Pulofesa zikundikwiyitsa. Za Jekete zikundipweteka.

Lamlungu, 9 Marichi

Achemwali anabwera masana. Ati ndingopirira, nditenge digiri kaye, wamkulu salimbana naye. Ndawafotokozera chimene chikundisowetsa mtendere: oyesa akadzawerenga chaputala changa, pepala lija lidzakhala litatuluka kale. Wakuba adzaoneka ndine.

Anangoti, "Ayi, ndiye zavuta," n'kuyamba kumuluka mwana tsitsi. Amuna anga akufuna kupita okha kuofesiko. Ndawaletsa.

Lachiwiri, 11 Marichi

Semina. Kunabwera mlendo, mayi wa imvi wochokera kuyunivesite ina, katswiri wa zomwezi. Jekete ndiye amafotokoza "zotsatira zatsopano". Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti zikandikulira ndituluke.

Anayamba bwino, poti kuloweza amatha. Atafika pakati mlendo anakweza dzanja. "Pamzere wachitatuwo, bwanji ziwirizo mwazisinthanitsa malo? M'gulu lotere, kutembenuza kenako n'kugadabuza sikufanana ndi kugadabuza kenako n'kutembenuza."

Jekete anayang'ana bolodi. Anafufuta, n'kulembanso zomwezo. A Pulofesa anayesa kumuwombola, nawonso anasokonekera panjira. Pamenepo ine panandidyera miyezi isanu ndi iwiri.

Ndiye a Pulofesa anatembenuka, akumwetulira. "Mwina mayi kumbuyoko angatikumbutse."

Angatikumbutse.

Ndinanyamuka. Jekete anandipatsa choko osandiyang'ana. Ndinalemba mizere isanu ndi umodzi, kuonetsa kuti chotsalira pozisinthanitsapo chimafafanizika chokha. M'chipinda munangomveka choko.

Mlendo anagwedeza mutu. "N'zokongola. Njira imeneyi anaipeza ndani?"

A Pulofesa anatsegula pakamwa. Ndinawayambirira.

"Ndine, mayi. Umboni wonsewu ndi wanga. Uli m'makope anga, tsamba lililonse lili ndi deti lake."

Wina kutsogolo anatsokomola. A Pulofesa kumwetulira kuja kunauma. Mlendo anayang'ana iwo, anayang'ana Jekete, kenako anatseka cholembera chake.

"Ndinyamuka mawa masana," anatero. "Mubwere nawo m'mawa makopewo. Tikaonere limodzi kwa mkulu wa dipatimenti."

Makopewo ndawatsitsa pamwamba pa kabati. Alipo khumi ndi anayi. Sakukwana m'chikwama, ndabwereka cha mwana cha kusukulu.