Seva Yasiya Kuiwala Mayina

Lachisanu, ku Trelawney. Lero mtima wakhala pansi.

Sabata yonseyi magetsi akathima n'kuyakanso, seva, kompyuta yaikulu ya mu ofesi ya pafamu, imaiwala mayina. Intaneti ilipo ndithu, koma ukaipatsa dzina la kumene imatumiza mauthenga, zii. Choncho uthenga wonena za kutentha kwa m'mabalani sumafika pa foni ya a Saidi, kapitawo woumitsa fodya.

M'mawa anandipeza pakhomo. "Mwanangu, undiuze zoona. Ndipite ku mzikiti kapena ndikhale pa moto? Fodya akapsa, atukwanidwe ndine."

Vuto linali loti adiresi ya DNS, komwe seva imafunsa mayinawo, ndimailemba pamanja mu fayilo ya resolv.conf, koma Linux, pulogalamu yoyendetsa sevayo, ikamadzuka imafufuta n'kulembamo zake. Lero ndailemba mu fayilo ina, ya netplan, momwe siifufutika. Kenako ndinazula chingwe cha magetsi dala n'kubwezera. Ine ndi a Saidi tinadikira tili chiimire. Foni inalira m'thumba la mkanjo wawo.

Anapita kukaswali ku mzikiti. Pobwerako sanadutse ku ofesi. Ndinawaona pawindo akulowetsa dzanja m'balani kuti amve kutentha, foni ili m'thumba. Sindinawafunse.