Amayi Asabwere ku Khoti

Chirimba,
Blantyre.
Julayi 2022

Okondedwa achemwali anga a Evelesi,

Landirani moni wochokera kuno kumtunda. Kodi muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kutsikira kudimba? Ife kuno matupi ali bwino, kungoti chiperoni chatigwira, dzuwa sitikulidziwa. Za mumtima ndiye musafunse.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni ya pakhomopo mukuidziwa nokha. Amayi makutu sakumva bwino, ndiye mumaiika pa sipika, ndipo ine ndikangoyamba kulankhula mudzi wonse wamva, mpaka a kuchigayo. Nkhani iyi si ya pa sipika. Kalatayi ndapatsira mayi Magdalena, aja amapikula nsomba ku Bangula n'kumagulitsa ku Limbe, ndipo ndawauza kuti aipereke m'manja mwanu. Muyambe mwaiwerengera kuseri nokha.

Mlongo wathu Lazaro anatuluka pa belo, ali kwathu kuno. Ine ndi bambo a Shukuru ndi amene tinamuimira. Waonda, achemwali. Masiku amene anagona m'chitokosi cha apolisi ndi ochepa, koma anabwerako ngati munthu wina. Lazaro amene sankatha kudya osaseketsa anthu, lero amangotsuka mbale, kusesa pabwalo, n'kukhala pakhonde kumayang'ana phiri la Ndirande. Amene amamusekererako ndi mwana wanga Shukuru yekha.

Ndamva kuti kumeneko anthu akuti anagwidwa ndi matumba a chamba akupita nawo ku Joni. Bodza lenileni! Anthu amenewo pakamwa pawo sipatopa kodi? Ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa ngakhale inu munangomva zidutswa.

Mukukumbukira kuti mwezi watha ndinakuimbirani foni kudandaula za mphumu ya Shukuru, kuti kuzizira kuno kukumubanikitsa. Amayi anamva zimenezo. Paja pakati pa mapira awo pamakhala timitengo tija ta chamba, kuyambira nthawi ya malemu bambo athu, amene amayi ankawawiritsira masamba ake chifuwa chikawathina. Kale ankatibisa. Koma chimvereni pa wailesi kuti boma lalola chamba, iwo anangoti nkhani yatha, palibenso chobisa.

Tsono Lazaro pobwera kuno kudzakonzekera za kukoleji ya aphunzitsi, amayi anamupatsira thumba loti andibweretsere. Pansi anaika masamba aja, pamwamba nsomba zowamba, makakana ndi milamba, kenako n'kusoka kukamwa ndi chingwe monga amachitira. Ndipo amayi athu mukuwadziwa, kupatsa pang'ono sakudziwa. Mwana wofunika timasamba tochepa anamulongedzera jumbo yodzadza, yoti adziwiritsa mpaka adzakwatire.

Lazaro sanafunse za m'kati. Akanafunsa bwanji? Ndani kwathu kumeneko anamasulapo katundu wosoka mayi ake kuti aone zomwe zilimo? Ananyamula, anakwera minibasi pa Bangula, anakwera phiri lonse lija bwinobwino. Pa rodibuloko yolowera mu Blantyre apolisi atafunsa mwini thumba, iye anatsika yekha mokondwa n'kunena kuti ndi lake. Chingwe anachita kuwathandiza kudula, uku akuwauza kuti nsomba za kwathu n'zokoma kuposa za kunyanja. Atavundukula nsombazo, nkhani inathera pomwepo. Atamufunsa amene analongedza thumbalo, anazindikira msanga, ndipo anatseka pakamwa. Mpaka lero dzina la amayi silinatuluke.

Kuli ofesi ya boma yopereka maloya aulere kwa anthu osowa, ndipo kumeneko tinapatsidwa loya wachizimayi, wamng'ono msinkhu koma wosazungulira polankhula. Ine ndinalowa ndi mkwiyo wanga. Ndinawafunsa kuti mwana akumangidwiranji pa chinthu chimene boma lomwelo linalengeza kuti n'chololedwa. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti amene analoledwa ndi okhawo otenga laisensi, olima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo kwa wina aliyense lamulo lakale likadali pomwepo. Ndinati ndiye kuti mabwana a minda ya mipanda azilima maekala, koma nkhalamba ya timitengo tochepa tochizira chifuwa ikhale chigawenga? Anangoti lamulolo sanalembe ndi iwo. Ndinachita manyazi, poti munthuyo akutithandiza, koma mtima sunatsike.

Ndinayesa makomo onse, achemwali. Ndinafunsa ngati kumva molakwika pa wailesi kungamupulumutse munthu. Anati ayi, khoti silimasula munthu chifukwa sanalimvetse lamulo. Ndinafunsa ngati kunena kuti anali mankhwala a mwana kungathandize. Anati kungachepetseko chilango, koma mlandu sikuuchotsa. Anatiuzanso kuti masambawo amayenera kukayezedwa kwa akatswiri, ndipo atapezeka kuti si chamba mlandu ungafe. Pamenepo ine ndi Lazaro tinangoyang'anana, poti tonse tikudziwa kuti amayi sanalongedze bonongwe.

Ndiye panatsala njira ziwiri. Yoyamba ndi yokana mlandu, kunena chilungamo chake kuti sankadziwa zimene zinali m'thumba. Loyayo anati imeneyo ndi njira yeniyeni ndithu, munthu atha kumasulidwa nayo, dzina lake n'kukhala loyera. Vuto n'lakuti aliyense wogwidwa ndi chamba amanena zomwezo, ndiye mawu a Lazaro yekha ndi opepuka. Pafunika mboni yoti inene kuti ndinalima ndine, ndinalongedza ndine, ndinasoka ndine. Mboni imeneyo ndi amayi. Nditafunsa ngati amayi angabwerere kunyumba tsiku lomwelo akanena zimenezo, anati sangandilonjeze. Kulima popanda laisensi ndi mlandu pawokha, ndipo wovomera yekha pamaso pa khoti atha kutengedwa.

Yachiwiri ndi yovomera mlandu n'kupempha chifundo. Anati poti Lazaro sanapalamulepo, ndi mwana wa sukulu, ndiponso sanavutitse khoti, angathe kumupemphera chindapusa, kapena ntchito yothandiza anthu, kapena chilango chongomuyang'anira ali kunyumba. Koma kuchuluka kwa masambawo kukuwadetsa nkhawa, chifukwa jumbo yotere imaoneka ngati ya malonda, ndiye ndende sangaichotse pa mndandanda. Ndipo ngakhale atapanda kulowa ndende, dzina lake lidzalembedwa kuti anapezeka wolakwa. Kukoleji mwina sangamulandirenso.

China chimene chinandipweteka n'chakuti kuvomera kwa theka kulibe. Akati ndikuvomera koma sindinkadziwa, khoti lilemba kuti wakana. Ayenera kuimirira n'kunena kuti ankadziwa. Loyayo anamuyang'ana Lazaro n'kumuuza kuti iwo sakonda kuona munthu akuvomera chimene sanachite, ndipo sakumulangiza kutero, koma mwini mlandu ndi iye. Anamupatsa masiku oti akaganize. Lazaro anayankha pomwepo kuti waganiza kale, avomera.

Tinakangana m'njira monse mpaka kunyumba, anthu mu minibasi kumatiyang'ana. Ndinamuuza kuti wapenga. Ndinamukumbutsa mmene analembera mayeso a Fomu 4 kawiri, mmene ankapalasira kabaza pa Bangula dzuwa lija kuti apeze ya mafomu, mmene munasangalalira nonse dzina lake litatuluka pa mndandanda wa kukoleji. Pakhomo pathu ndani wina anafikapo pamenepa? Bambo a Shukuru nawo anayesa, kuti mwina khoti lingamvere chisoni munthu wokalamba ngati amayi. Lazaro anangotifunsa ngati tinagonapo pa simenti ya m'chitokosi mwezi wa Juni. Anati iye ndi mnyamata koma ankalira ndi msana, nanga amayi ndi miyendo yotupa ija, ndi kuthamanga kwa magazi kuja, angathe sabata? Anati sangawaike mayi ake pachiswe podalira mawu akuti mwina. Ndinangolowa kuchipinda kukalira.

Ndisakunamizeni, mpaka pano mtima wanga uli pawiri. Ndikamuona akuphunzitsa Shukuru kuwerenga pakhonde, moleza mtima muja, ndimati mphunzitsi ndi ameneyu, tikumutaya tikuona. Ndikaganiza za amayi atakhala pansi m'chitokosi, opanda wowadzutsa, ndimati Lazaro akunena zoona. Ndimapemphera, koma sindikudziwa kuti ndipemphe chiti. Ndipo amayi sindikuwakwiyira ayi. Anamva kuti mdzukulu wawo akubanika, anachita chimene akudziwa. Shukuru panopa akulandira mankhwala opopera a kuchipatala ndipo akupezako bwino, muwauze zimenezo.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Dzana amalume a Elisha anandiimbira kuti amayi agulitsa mbuzi, ndipo awiriwo adzakwera minibasi kuti adzapezeke pa tsiku la mlandu, Lachinayi la sabata yamawa. Akuti amayi sakudya, akungoti mwana wawo sangafere thumba losoka iwo. Amalume akuganiza kuti zidzayenda monga pa bwalo la kwathu, kuti wamkulu akaimirira, kuwomba m'manja, n'kunena kuti mwanayu alibe chifukwa, cholakwa ndi changa, anthu amamvana, kupepesa kumaperekedwa, aliyense n'kumapita kwawo. Ndinayesa kuwafotokozera kuti kuno sizitero, kuti mawu amene kwathu amathetsa mlandu kuno amatsegula wina. Anangoti ndine mwana, nkhani za akuluakulu ndiwasiyire. Foni inathera pomwepo.

Nditamuuza Lazaro, anaimirira ngati walumidwa. Chibadwire sindinamuonepo atakwiya chotero. Anati amayi akangoimirira m'khoti muja n'kunena kuti analongedza ndi iwo, iye adzaimiriranso n'kuuza woweruza kuti mayiwa akunama, akungofuna kumuteteza, chambacho ndi chake ndipo amasuta. Lazaro, achemwali, amene ngakhale utsi wa ndudu umamutsokomoletsa! Ndinamuuza kuti sangayerekeze. Anandiyang'ana m'maso, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena kuti ndidzaona. Ndipo ndikumudziwa, adzachitadi. Kuuma mutu kumeneku anatengera kwa amayi omwewo, amene akati nkhabe ndiye kuti ayi basi.

Ndiye taganizani zimene zidzachitike akabwera. Lazaro sadzapulumuka, chifukwa adzakhala atadzimangirira yekha kuposa kale. Amayi atha kutengedwa. Ndipo ngakhale atapanda kutengedwa, adzabwerera kumudzi atamva ndi makutu awo mwana wawo wotsiriza akuwatcha abodza pamaso pa anthu. Zimenezo amayi sangachire nazo, ndipo Lazaro naye sangadzazikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Agwireni amayi, asabwere. Inu ndi amene amakumverani, ine amandiona ngati wa phuma. Musawanamize kuti mlandu wasunthidwa, chifukwa adzazidziwa ndipo adzadana nanu. Auzeni zoona zonse monga ndalemberamu. Auzeni kuti mwana wawo sakuwakana, koma wasankha yekha, ali ndi nzeru zake zonse, ndipo palibe anamukakamiza. Akalira lirani nawo. Lachitatu mukagone kwawo, ndipo Lachinayi musawasiye okha ngakhale pang'ono, ngakhale atati akungopita kudimba. Alamu akalankhule ndi amalume mwaulemu, mwina mwamuna mnzawo angamumvere.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani chinthu cholemera. Ine ndidzakhala m'khoti kumvera mlongo wathu akuvomera bodza, inu mudzakhala pakhomo kutsekereza mayi athu kuti asanene zoona. Sindikudziwa kuti pa awirife wopepukidwa ndani. Chigamulo chikangotuluka ndidzakuimbirani, ndipo tsiku limenelo foni musaiike pa sipika mpaka nditakuuzani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze chifukwa chosamala amayi masiku ano. Moni kwa amalume a Elisha ndi azakhali, muwauze kuti sindinafune kuwachitira mwano. Moni kwa ana anu onse, makamaka Emelia, alimbikire sukulu. Bambo a Shukuru akupereka moni, Shukuru naye akuti moni kwa agogo.

Lazaro ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anati muwauze amayi kuti ayambe kudya, ndiponso kuti akadzabwera kumudzi, kaya ndi mwezi uno kaya ndi chaka china, akufuna adzawapeze pakhomo.

Takhuta, zikomo kwambiri, achemwali. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu wosweka mtima,
Jesinta