Alamu Anu Agwadira Abwana Kukhoti

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Golomoti tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Paja khoti linalamula kuti alamu anu alandire malipiro awo a uphunzitsi aja. Abwana awo sanasaine mapepala a malipirowo, ndiye Lachiwiri abwanawo anaitanidwa pa mlandu wonyoza khoti. Woweruza atangotchula za ndende, alamu anu anagwada pansi n'kukuwa kuti, "Chonde musawatsekere! Akalowa asaina ndani?" Anthu anafa nako kuseka, abwanawo n'kupatsidwa mwezi wina.

Potuluka alamu anuwo anawanyamulira abwanawo chikwama mpaka pagalimoto, n'kuwapatsanso mpunga wa ku Bwanje umene ndinasungira ana!

Tumizani ya feteleza, achimwene, Mulungu akudalitseni. Muzindipempherera, chifukwa ndi bambo amenewa wolowa m'ndende akhoza kukhala ine.

Mlongo wanu,
Nabanda