Phewa la Amalume Ako

Roubaix, 16 Novembala 1997

Wokondedwa mwana wanga Solange,

Ukamawerenga kalatayi uimirire, ndipo mwamuna wakoyo avule chipewa. Akulemba ndi Firmin Dewaele, katswiri wa bezi woposa onse mumsewu wathu uno, mbali ya kumanzere, kuyambira pa ophika buledi mpaka pokwerera basi.

Muli bwanji ku Montréal? Adzukulu anga akukula? Kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, limene masiku ano likulosera mvula molondola kuposa a pa wailesi.

Tsono khala pansi. Andichotsa m'gulu. Wandichotsa ndi Octave, amalume ako enieni, mlongo wa malemu amako, munthu amene ndaimba naye zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Ukudziwa mmene timaimbira atatufe, iye pa piyano, Amédée pa ng'oma, ine pa bezi. Timatenga nyimbo zakale zimene amayi athu ankaimba pochoka ku fakitale ya nsalu. Ulendo woyamba timaiimba mowongoka kuti agogo aimbe nawo. Kenaka timaivula jekete, aliyense n'kuyenda nayo njira yake mwa jazi, pomaliza n'kuibweza kwawo isanakwiye.

Pepala la nyimbo sitinaligwiritsepo ntchito. Pepala langa linali phewa la Octave. Likakwera, tikusintha. Likagwa, ndi nthawi yanga. Likagwedezeka kawiri, tikumaliza. Phewa limenelo ndaliwerenga kuposa mmene abambo mfumu amawerengera Misa.

Mu Seputembala anatiitana kukaimba mu holo yaikulu ya mzinda, akuti kudzabwera ndi a wailesi. Mutu wa amalume ako unafufuma tsiku lomwelo. Anabwera ndi mulu wa mapepala, ati nyimbozi azisokera zovala zatsopano. Ndinawauza kuti mapepala otero ndi abwino kukulungira tchipisi. Amédée anaseka, iwo ayi. Koma pokonzekera phewa linkagwirabe ntchito, ndiye ndinalibe nkhawa.

Lamlungu lapitali masana, titalowa mu holo, ndinapeza piyano yatembenuzidwa. Chivundikiro chake chachikulu chija chinali pakati pa ine ndi amalume ako. Ndinkangoona nsonga ya dazi. Nditafunsa, anati mawu akumveka bwino motero, ndipo pepala lili patsogolo pangapo ndi lokwana munthu aliyense woimba.

Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezo, Solange.

Nyimbo ziwiri ndinapulumuka ndi makutu. Yachitatu inali ya amako ija, ya mtsikana wodikira sitima pa doko. Pakati pake anaikamo njira ina imene sitinaiyesepo. Iwo anakhotera kumanzere, ine ndinapitirira kumanja, ndekhandekha, ngati bulu wobwerera kukhola lakale. Agogo a kutsogolo anasiya kuimba. Mmodzi wa iwo, Mayi Pruvost, anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana ngati ndatulutsa mpweya m'tchalitchi.

Pa nthawi yopuma, kuseri kwa katani kunatuluka bambo wina wa ndevu zosamalidwa, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Lille, ali ndi bezi yake yochuna kale. Tandiuza, mwana wanga, bezi ndi chinthu chimene munthu amangopezeka nacho m'thumba mwangozi?

Amalume ako anandikokera pambali n'kunena kuti alamu, dziko lasintha, sangandisenze pa phewa mpaka kumanda. Ndinawayankha kuti asalinyoze phewalo, chifukwa m'thupi lawo lonse ndi lokhalo limene limadziwa kuimba. Anati ndi vuto langa limeneli, chilichonse nthabwala. Amédée, amene ndinamuimira pa ukwati wake, anali kuwerenga zingwe za nsapato zake.

Usaganize kuti bambo ako anangochoka ngati nkhosa. Lolemba ndinapita kunyumba kwa amalume ako iwo atachoka, kiyi amabisabe pansi pa mphika wa maluwa uja. Ndinatsegula piyano n'kulowetsamo tchizi chonunkha chija cha Maroilles chathunthu, chakupsa bwino. Pofika Lachinayi fungo linakula, aneba anaitana ozimitsa moto kuti athyole chitseko, ati mkulu uja wafera m'nyumba. Atawapeza amoyo, anthu ena anakhumudwa.

Tsopano ndikuuze chimene cholembera chikukana kulemba. Ine sinditha kuwerenga nyimbo. Timadontho takuda tija kwa ine ndi ambululu opachikika pa mawaya. Sukulu ndinasiya ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, bezi ndinaphunzira ndi khutu. Ankadziwa ndi anthu awiri okha, amako ndi Octave. Amako anapita nacho chinsinsi kumanda. Octave wachipachika pa holo.

Ukukumbuka buku lako lobiriwira la nyimbo, uli ndi zaka zisanu ndi zitatu? Ndinkaligwira mwaulemu n'kumati bwerezanso, walakwitsa pamzere wachitatu. Ndinkamva ndi khutu basi, mzerewo ndinkangotchula. Tsiku lina ndinaligwira chadodolido, iwe unaseka mpaka kugwa pa mpando, ati ababa ndi nthabwala zawo. Nanenso ndinaseka. Ubwino wokhala munthu wa nthabwala ndi umenewo, ukagwa anthu amati wachita dala.

Pempho langa ndi ili. Ngati bukulo ukadali nalo, nditumizire. Pansi pa mbululu aliyense ulembe dzina lake ndi pensulo, zilembo zazikulu, maso anatha. Usawaimbire foni amalume ako. Sindikufuna kubwezedwa chifukwa cha chifundo ngati ambulera yoiwalika.

Mu Meyi amako akwanitsa zaka khumi chimwalirire. Chaka chilichonse nyimbo yawo ija timaiimba Lamlungu pambuyo pa Misa, m'kafe ya pakona. Chaka chino ndikufuna kulowa ndi bezi yanga, kuika pepala la Octave patsogolo, n'kuiimba njira yake yatsopanoyo mpaka kumapeto, osayang'ana phewa la munthu. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi ziwiri, ambululuwo akuti ali ndi mayina asanu ndi awiri okha. Tiona atope ndani.

Mulungu akusungeni nonse m'chisanu chanucho. Undiperekere moni kwa Gilles, umuuze avale chipewa chake tsopano. Ana uwapsompsone, koma za agogo awo usawauze mpaka Meyi.

Ndine bambo ako,
Firmin

Ndatsala pang'ono kumata envulopu, chikumbumtima chandigwira dzanja. Za tchizi zija ndapeka. Ndinagula ndithu, koma ndinadya ndekha. Zoona zake n'zakuti nditatuluka mu holo ndinawadikira pa khomo mpaka atamaliza, ndinawanyamulira chikwama kukafika pa galimoto monga mwa masiku onse, ndipo ndinati zikomo alamu. Lachinayi, tsiku lathu lokonzekera, folo koloko inandipeza nditavala kale jasi.