Chopalasira Chili Kuseri kwa Mwala

Wokondedwa Valdur, mwana wa msuweni wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Toronto kuko, pamodzi ndi ana. Kuno mbatatesi zayamba maluwa.

Lamulungu linali tsiku lokumbukira omwalira. Monga ukudziwa, aliyense amapalasa mchenga pamanda a abale ake n'kujambulapo mizere, kuti odutsa aone kuti wogonayo akadali ndi anthu ake. Katauni kathu n'kakang'ono, koma kanabala katswiri wa masewera ogwetsana ndi wopeka nyimbo wotchuka, ndipo alendo anadzaza manda awo ndi maluwa. Manda a amayi ako ndinapalasa ndine, monga chaka chilichonse.

Endel, woliza belu la kutchalitchi uja, anaima n'kuseka. "Aphunzitsi, mizere yokhota chonchi? Ife mukanatibwerezetsa kalasi!"

Ndinati, "Iwe ndinakubwerezetsa, koma unasintha ngati?"

Komatu sananame. Dzanja lamanjali layamba kukana, ndipo adokotala a mumzinda wa Tartu akufuna kundionanso. Zimenezo usadandaule nazo.

Mizere ija umayambira kumutu, n'kumabwerera cham'mbuyo kuti usaipondenso. Chopalasira ndachisiya kuseri kwa mwala wa amayi ako, pamene ngakhale munthu wochokera kutali angachipeze.

Ndine azakhali ako,
Maimu