Kaseti ya m'Chikonda-Dora Yotchula Dzina la a Limbani

Komiti Yosamalira Amalawi ku Nairobi, msonkhano wadzidzidzi
Tsiku: Loweruka, 14 Malichi 1998
Malo: kwa Wapampando, ku Hurlingham
Opezeka: a Timothy Gondwe (wapampando), a Davide Kachale, mayi Ndaona Msiska, mayi Immaculata Zgambo (mlembi)
Osapezeka: mayi Lenah Kachingwe (sanaitanidwe, mwadala)

1. Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anakumbutsa kuti a Limbani, amuna awo a mayi Lenah, ali kumapiri a ku India kumene akujambula chilankhulo cha mtundu wa Akonda-Dora, ndipo chiyambire mwezi watha ali zii.

2. A Davide, omwe amamasulira Baibulo limodzi ndi a Limbani, anati makina olandira mauthenga a pafoni ku ofesi kwawo ajambula bambo wina akulankhula mwaphuma m'chilankhulocho. Tinamvetsera kasetiyo. Chomwe tinatolapo ndi dzina lokha la a Limbani. Mantha anatigwira tonse.

3. A Davide anati anapita nayo kasetiyo kwa mmwenye wina wasitolo kuti aimve, poti "mmwenye ndi mmwenye basi." Wasitoloyo anati chake ndi Chigujarati, sanamvepo olo liwu limodzi. Mayi Ndaona anafunsa ngati a Davide amayesa India ndi mudzi wa kwawo ku Ntcheu. Wapampando anawaletsa.

4. Zinapezeka kuti mu Nairobi muno amene tikumudziwa kuti amamvako Chikonda-Dora ndi mayi Lenah okha, chifukwa ndiwo amataipa zimene amuna awo ajambula. Mayi Ndaona anakana kwamtuwagalu. Anati kwathu uthenga woipa umayamba wafika kwa akuluakulu, ndiponso mayiwo ndi oyembekezera. "Mukufuna adziuze okha?" Wapampando anati mwina a Limbani angodwala ndipo akufunika thandizo msanga, ndiye kuchedwa kwathu kungawaphe. Tinagwirizana zopita. Mayi Ndaona anapempha kuti kukana kwawo kulembedwe, ndipo kwalembedwa.

5. Msonkhano unapitirira kwa mayi Lenah ku Kilimani. Atationa pakhomo anati, "Mwabwera nonse, kwagwanji?" A Davide anaika kasetiyo mu wailesi. Anamvetsera kasetiyo chiimirire mpaka kumapeto, kenako anazimitsa okha wailesi. Sanatiuze zomwe bamboyo ananena. Anangopempha azibambo kuti atulutse mipando ya pabalaza, ayale mikeka.

6. Zina: panalibe.

Msonkhano wotsatira: mawa tikaweruka kutchalitchi, konkuno ku Kilimani. Wapampando anatseka 6 koloko madzulo. Pemphero anachita mayi Ndaona, koma sanalimalize.

T. Gondwe, Wapampando
I. Zgambo, Mlembi