Pansi pa phiko la ndege ya nkhondo

Lachinayi, Manchester. Mvula yakhala ikuwaza tsiku lonse, ndipo miyendo ikuwawa.

Lero tinatenga okalamba omwe timawasamalira kukaona ndege zakale pamalo pomwe panali fakitale ya kampani ina yopanga ndege. Ine ndimakankha wilutcheya ya agogo ena, a Doreen. Wotionetsa malo anati kampaniyo inayamba ndi tindege ta matabwa ndi nsalu, kenako zoponya mabomba, ndipo nkhondo itatha inayamba kupanga zonyamula anthu.

Titafika pansi pa chindege chakuda, a Doreen anati, "Amayi anga ankagwira ntchito yolumikiza mapiko awa. Achimwene anga anakwera ina yotere, sanabwerenso."

Ndinangozindikira ndakhala pansi pasimenti pafupi ndi mapazi awo, nditawongola miyendo, monga timachitira kwathu pokapepesa maliro. Mlonda anabwera akuthamanga ndi madzi, akuganiza kuti ndakomoka. Chingerezi chofotokozera chinandithawa.

A Doreen anangoika dzanja paphewa langa n'kuuza mlondayo kuti, "Musiyeni, ali bwino."

Sindikudziwa ngati a Doreen anamvetsa. Mawa m'mawa ndikawasambitsa. Mwina ndikawafunsa dzina la achimwene awowo, chifukwa lero palibe anafunsa, ngakhale ineyo...